Ulendo wa pa boti m'laguni: momwe mungaonere nsomba ndi makorali osameza madzi kapena kusiyidwa ndi sitima

Pa ulendo wa sitima yapamadzi yoyendera zilumba zotentha, tsiku lomwe anthu amaliyembekezera kwambiri ndi lokwera boti n'kukasambira m'laguni. Komanso ndi tsiku lomwe ambiri amabwerako atakhumudwa, ndipo zifukwa zake ndi zomwezomwezo: masiki yosambirira ikulowa madzi, galasi lachita nthunzi, mchere wadzaza kukhosi, msana wapsa ndi dzuwa. Nthawi yomwe gulu limapatsidwa m'madzi pa malo amodzi imakhala pafupifupi mphindi 30 mpaka ola limodzi, ndipo wina amaimaliza yonse atakakamira makwerero a boti.

Laguni ndi chigawo cha nyanja chotchingidwa ndi mpanda wa makorali (miyala yomangidwa ndi tinyama tam'nyanja), monga ku Bora Bora ndi Moorea ku French Polynesia, ku Aitutaki ku Cook Islands, kapena ku New Caledonia. Mafunde aakulu amasweka kunja kwa mpandawo, ndiye mkatimo madzi amakhala abata komanso oyera. Ntchito yanu m'madzi otere ndi kugona chafufumimba pamwamba pa madzi n'kumapuma pang'onopang'ono kudzera m'chubu. Simukufunika kukhala katswiri wosambira. Zambiri zomwe zimasokoneza zimakonzedwa musanaponde m'madzi.

## Zofunika kutenga

- Masiki yotchinga maso ndi mphuno, ya galasi lolimba lolembedwa kuti Tempered, yokhala ndi m'mphepete mofewa mwa silikoni.
- Chubu chopumira, makamaka chokhala ndi kavalavu pansi kotulutsira madzi.
- Zipsepse zovala kumapazi. Eni boti amabwereketsa, koma muziyese musananyamuke.
- Jekete loyandamitsa. Nalonso amapereka pa boti.
- Malaya osambirira a mikono yaitali olembedwa UPF 50 (chizindikiro choti amatchinga dzuwa), ndi kabudula wofika m'mawondo.
- Mafuta oteteza khungu ku dzuwa a SPF 30 kapena kuposa, opangidwa ndi zinc oxide kapena titanium dioxide. Palau inaletsa mafuta okhala ndi oxybenzone ndi octinoxate kuyambira mu 2020, ndipo Hawaii inaletsa kuwagulitsa kuyambira mu 2021, pofuna kuteteza makorali.
- Nsapato zam'madzi za mphira pansi.
- Khadi lanu lolowera ndi kutulukira m'sitima, chiphaso chokhala ndi chithunzi, ndi wotchi yapamkono yosalowa madzi.
- Chikwama chosalowa madzi, thaulo, chipewa cha chingwe, ndi madzi akumwa osachepera lita imodzi.
- Mankhwala a nseru, mankhwala omwe mumamwa nthawi zonse, ndi kabotolo ka shampu ya ana.

Ngati pali chinthu chimodzi choti mugule chanuchanu, ndi masiki. Zina zonse zobwereka zimagwira ntchito, koma masiki yomwe sikugwirizana ndi nkhope yanu palibe chomwe mungaichite. Amene amavala magalasi a maso akhoza kugula masiki ya magalasi ogwirizana ndi maso awo, chifukwa magalasi wamba salowa m'masiki.

## Dzulo lake

1. Lembani nthawi yobwerera. Pa zilumba zambiri zazing'ono sitima siifika padoko. Imaponya nangula patali, ndipo anthu amapita kumtunda pa maboti ang'onoang'ono otchedwa tender. Nthawi yofunika kwa inu ndi yomwe tender yomaliza inyamuke kumtunda, yomwe imakhala isanakwane nthawi yonyamuka sitima. Ilembeni papepala. Chenjezo: nthawi ya m'sitima ndi ya pachilumba zikhoza kusiyana ndi ola lathunthu, ndipo foni imasintha nthawi yokha ikangogwira netiweki ya kumtunda. Tcherani wotchi yapamkono pa nthawi ya sitima n'kumatsatira imeneyo basi.

2. Dziwani amene mwagula naye ulendowo. Mukagula kudzera kwa eni sitima n'kuchedwa kubwerako, sitima nthawi zambiri imadikira kapena kukukonzerani njira. Mukagula kwa eni maboti a pachilumba mtengo umatsikirapo ndipo gulu limakhala laling'ono, koma mukachedwa sitima imapita, ndipo ndalama zoitsatira padoko lina zimachoka m'thumba mwanu. Ngati mwasankha njira yachiwiriyi, tengani ulendo wam'mawa womwe ukutha kudakali maola awiri tender yomaliza isananyamuke. Funsani zinthu izi: anthu ndi angati m'boti, wotsogolera amalowa nawo m'madzi kapena amangokhala m'boti, pali makwerero, pali mthunzi, ndipo muima malo angati.

3. Yesani masiki. Chotsani tsitsi pamphumi. Ikani masiki kunkhope osavala lamba wake, kokani mpweya pang'ono ndi mphuno, kenako chotsani manja. Ikamatirira osagwa, ndi yanu. Ikagwa, kapena mukamva mpweya ukulowa m'mbali, sinthani. Ndevu za pansi pa mphuno zimalowetsa madzi, choncho metani kachigawo kakang'ono pomwe silikoni ikhudze khungu.

Masiki yatsopano imabwera ndi kamafuta kosaoneka mkati mwa galasi, ndipo ndi komwe kamachititsa nthunzi yosatha. Pakani mankhwala otsukira mano oyera mkati mwa galasilo, tikitani ndi chala, tsukani, ndipo bwerezani katatu. Musachite izi pa masiki ya pulasitiki kapena yomwe yalembedwa kuti inapakidwa kale zoletsa nthunzi, mungaikande.

4. Yesererani kupuma. Valani masiki ndi chubu muli m'chipinda mwanu, khalani pabedi n'kupuma ndi pakamwa mphindi zisanu. Zimaoneka zachibwana, koma thupi limafuna kuzolowera kuti mphuno yatsekeka. Ngati malamulo a sitima akulola, yesererani m'dziwe losambirira la m'sitimamo.

## M'mawa wa tsikulo

5. Idyani pang'ono, mowa ayi. Mimba yopanda kanthu imachita nseru mofanana ndi yokhuta kwambiri. Mankhwala a nseru monga dimenhydrinate kapena meclizine amamwedwa mphindi 30 mpaka ola limodzi musanakwere boti. Nseru ikayamba kale sathandiza kwenikweni. Amagonetsa, ndiye ayeseni tsiku lina kaye kuti mudziwe momwe amakuchitirani. Amene ali ndi matenda a mtima, mphumu kapena khunyu alankhule ndi dokotala ulendo usanafike ndipo auze wotsogolera gulu.

6. Dzolani mafuta a dzuwa musanatuluke m'sitima. Amafuna mphindi 15 mpaka 20 kuti agwire khungu. Munthu wamkulu amafunika pafupifupi mamililita 30 thupi lonse. Popeza mukhala mutagona chafufumimba, dzuwa likuotchani kumbuyo: kuseri kwa khosi, nsonga za makutu, m'chiuno pomwe malaya athera, kuseri kwa ntchafu ndi kwa mawondo, ndi akatumba a miyendo. Madzi amaziziritsa khungu moti simumva kuti mukupsa mpaka madzulo. Pamphumi ndi m'masaya dzolani pang'ono chabe, chifukwa mafuta amatereretsa masiki n'kulowa m'maso. Olembedwa kuti sachoka ndi madzi amapirira mphindi 40 kapena 80 zokha, monga zalembedwera pabotolo, kenako mudzolenso.

7. Kwerani tender mwadongosolo. Sitima zambiri zimagawa matikiti a manambala, ndipo ogula ulendo kudzera kwa eni sitima amayamba kukwera. Ngati munagula panokha, katengeni tikiti m'mamawa. Pokwera, chikwama chikhale kumsana, manja onse awiri akhale opanda kanthu, ndipo mulole ogwira ntchito akugwireni pamkono. Pondani pomwe akuuzani, boti likakwera kufika pamzere umodzi ndi pomwe mwaima. Zala musaziike m'mphepete mwa boti pomwe likugundana ndi sitima.

## Pa boti la m'laguni

8. Khalani pabwino n'kumvetsera. Pakati pa boti ndi pomwe sipagwedezeka kwambiri. Mukayamba chizungulire, yang'anani patali m'chizimezime, foni ilowe m'chikwama, ndipo chokani pomwe pakubwera utsi wa injini. Wotsogolera akamafotokoza, gwirani zinthu zinayi: malire a malo osambira, komwe madzi akulowera, nthawi yobwerera m'boti, ndi chizindikiro choitanira anthu. Lowezani dzina ndi mtundu wa boti lanu. Pa malo otchuka maboti asanu akhoza kuima pamodzi, ndipo mukawayang'ana muli m'madzi onse amafanana. Sankhanininso mnzanu woti muziyenda naye.

9. Valani motsatana. Yambani ndi galasi likadali louma: donthezani shampu ya ana yosungunula ndi madzi, kapena malovu anu, pakani mkati monse, tsukuluzani kamodzi kokha, valani nthawi yomweyo. Lamba adutse pamwamba pa makutu, pomwe mutu watambasuka kumbuyo. Musamange kwambiri. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: madzi akalowa amamangitsa lamba, silikoni imapindika, madzi n'kumalowa kuposa poyamba. Mukavula masiki n'kupeza mzere wakuya kunkhope, ndiye kuti munamanga mopyola. Chubu chikhale kumanzere, chokoledwa pa lamba kutsogolo kwa khutu. Lumani timano take mofewa, milomo itseke mozungulira. Jekete limangidwe bwino, ndi lamba wa pakati pa miyendo ngati alipo, apo ayi lidzakwera mpaka m'makutu. Zipsepse ndi zomaliza, ndipo muzivale mutakhala pafupi ndi potsikira. Kuyenda nazo m'boti lonyowa n'kufuna kugwa.

10. Lowani injini itazima. Dikirani ogwira ntchito anene. Tsikani pa makwerero mutayang'ana boti, kapena khalani m'mphepete n'kutsetserekera m'madzi dzanja limodzi litagwira masiki. Osadumpha chamutu. Madzi a m'laguni amanamiza kuya kwake, ndipo pansi pakhoza kukhala mwala wa korali.

## M'madzi

11. Mphindi ziwiri zoyamba musapite kulikonse. Gwirani chingwe cha boti, mizani nkhope, tambasulani miyendo, mulole thupi liyandame. Madzi amchere amanyamula munthu kuposa madzi wamba, ndipo jekete limakuthandizani kuyandama. Pumani mozama komanso mwapang'onopang'ono: kukoka mpweya masekondi atatu kapena anayi, kutulutsa chimodzimodzi. Chifukwa chake n'chakuti m'chubu mumatsalira mpweya womwe mwangotulutsa kumene. Mukamapuma mwaphuma komanso mosazama, mumangobwezera mpweya wakalewo m'mapapo, mutu umayamba kupweteka, mtima kugunda, ndipo mantha amabwera. Mantha akabwera, tembenukani chagada, lavulani chubu, pumani mpaka mtima ukhale m'malo.

Maso ayang'ane pansi chakutsogolo pang'ono. Mukazika chibwano pachifuwa kuti muone mapazi anu, nsonga ya chubu imamira n'kumwetsa madzi.

12. Palasani ndi miyendo yokha. Mphamvu ichokere m'chiuno, mawondo apindike pang'ono, zipsepse zisatuluke m'madzi. Kupalasa ngati muli panjinga kumangotopetsa osapita patsogolo. Manja akhale m'mbali mwa thupi kapena kumsana. Nsomba zimathawa munthu wophiriphitha, koma wodekha zimamuyandikira zokha. Katumba akakokana, gwirani nsonga ya chipsepse, wongolani bondo n'kukokera zala za phazi kwa inu.

13. Tulutsani madzi osadzidzimuka. Madzi adzalowa ndithu m'chubu, ndipo mumadziwa ndi phokoso la kubwata. Uzirani kamodzi mwamphamvu ngati mukunena kuti "tu!", kenako kokani mpweya woyamba mosamala lilime litakhudza kumwamba kwa kamwa kuti litchinge madontho otsala. Ngati mulibe mpweya wouzira, dzutsani mutu, chotsani chubu, chikhuthuleni. Madzi akalowa m'masiki, dzutsani mutu, kwezani pang'ono mbali yapansi kuti atsike, bwezerani. Masiki musaikweze pamphumi: funde limodzi limaichotsa, nthunzi imabwerera, ndipo kwa ogwira ntchito m'boti chimaoneka ngati chizindikiro cha munthu amene wapanikizika. Ngati mukufuna kuivula, itsitsireni m'khosi.

14. Dziwani komwe madzi akupita. Ili ndi gawo lomwe laguni imapusitsira anthu. Mpanda wa makorali umakhala ndi mipata, ndipo madzi onse omwe mafunde amaponya mkati amatulukira m'mipata imeneyi. Nyanja ikamaphwa, madzi a pampata amathamanga ngati mtsinje kulowera kunja. Mpata umaoneka ngati msewu wa madzi obiriwira moderapo, pomwe mafunde sakusweka ngakhale mbali zonse ziwiri akusweka. Musauyandikire pokhapokha wotsogolera atakonza kuti gulu lidutsepo boti likutsatira.

Kuti mudziwe komwe madzi akulowera, lekani kupalasa, yang'anani mwala umodzi pansi, muone mbali yomwe mukutengekera. Yambani ulendo wanu molimbana ndi madziwo mukadali ndi mphamvu, kuti pobwerera akukankheni okha. Dzutsani mutu pakapita mphindi imodzi kapena ziwiri zilizonse muone boti ndi mnzanu. Munthu amatsata kamba mmodzi mphindi zisanu, podzutsa mutu boti lasanduka kadontho. Madzi akakukokani, musalimbane nawo mwachindunji. Sambirani chopingasa kuti mutuluke m'njira yawo, ndipo zikakanika yandamani n'kuitana thandizo.

15. Gwiritsani ntchito zizindikiro zolondola. Dzanja lokhudza pamwamba pa mutu limatanthauza kuti muli bwino. Kugwedeza mkono m'mwamba kumatanthauza kuti mukufuna thandizo, ndiye musabayibitse anzanu a m'boti mwachisangalalo. Mukayamba kubanika mwadzidzidzi, kufooka kapena kutsokomola popanda kumeza madzi, musadikire kuti zitha zokha. Lavulani chubu, gonani chagada, itanani, tulukani m'madzi.

16. Kumira pansi n'kwa ozolowera. Zokongola zambiri za m'laguni zili m'mamita awiri kapena atatu oyamba, ndipo mtundu wofiira umayamba kuzilala pofika mamita asanu, ndiye wokhala pamwamba sakutaya zambiri. Ngati mukufunabe kutsika, pumani mwachizolowezi, pindani m'chiuno, miyendo ikwere m'mwamba. Tsinani mphuno n'kuuzira pang'ono kuti makutu atseguke kuyambira mita yoyamba, musanamve kupweteka. Khutu likakana, kwerani. Tulutsirani kampweya m'masiki ndi mphuno kuti isakufinyeni maso. Choopsa kwambiri ndi kupuma mofulumira kambirimbiri musanamire pofuna kukhalitsa pansi. Kumachotsa chenjezo la thupi loti mpweya watha, ndipo munthu amakomoka m'madzi osamva kalikonse. Mirani mmodzimmodzi, mnzanu akuyang'anirani pamwamba.

17. Onani ndi maso, manja ayi. Korali ndi tinyama tamoyo. Yamiyala ikuluikulu imakula sentimita imodzi kapena awiri pachaka, yanthambi imafika masentimita 10, choncho chipsepse chimodzi chimathyola zomwe zinatenga zaka. Ngati mukufuna kuima, funani mchenga. M'madzi zinthu zimaoneka zazikulu ndi gawo limodzi mwa atatu komanso zapafupi kuposa momwe zilili, ndiye shaki za nsonga zakuda pazipsepse, zomwe zimapezeka m'malaguni a ku Pacific ndi Indian Ocean, zimaoneka zoopsa pomwe zambiri sizipitirira mita imodzi ndi theka ndipo zimapewa anthu. Kamba wam'nyanja mutalikirane naye mamita atatu ndipo musamutchingire njira yokwerera kukapuma.

Zovulaza zenizeni ndi zomwe sizithawa. Stingray, nsomba yaphwatalala ya mchira wautali, imabisala mumchenga ndipo imabaya ndi mchira ikapondedwa, choncho poyenda m'madzi osaya khwekhwerezani mapazi. Nsomba ya stonefish imaoneka ngati mwala ndipo minga yake ya pamsana ili ndi ululu woopsa. Nkhono za chigoba chosongoka chokhala ndi mawanga okongola zimabaya ndi ululu womwe ungaphe munthu, ndiye musatole chigoba chilichonse. Nsomba ya titan triggerfish ikamalondera mazira ake imaluma. Ikakuthamangitsani, chokani chammbali zipsepse zili pakati pa inu ndi iyo.

18. Bwererani mukadali ndi mphamvu. Madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira kwambiri kuposa mpweya, moti ngakhale m'madzi ofunda mukhoza kuyamba kunjenjemera. Kunjenjemera kukayamba, nthawi yakwana. Pa makwerero, gwirani ndi dzanja limodzi, vulani zipsepse n'kuzipereka m'boti, koma masiki ndi chubu zikhalebe kunkhope mpaka mutakwera. Musakhale pansi pa munthu amene akukwera, akaterereka akugwerani pamutu. Kumbuyo kwa boti komwe kuli injini musapiteko. Mukalowa, onetsetsani kuti akuwerengani, imwani madzi, dzolaninso mafuta, yang'anani wotchi.

## Mukavulala

Korali ikakuchekani, tsukani balalo mwamphamvu ndi sopo ndi madzi abwino mpaka tizidutswa tonse tichoke, chifukwa zilonda zimenezi sizichedwa kutukusira. Likafiira kapena kutupa mawa lake, pitani kuchipatala cha m'sitima. Mukabayidwa ndi stingray kapena stonefish, viikani malowo m'madzi otentha omwe khungu lingapirire, osapitirira madigiri 45 a Celsius, kwa mphindi 30 mpaka 90, ndipo thamangirani kwa dokotala. Munga womwe walowa pachifuwa kapena pamimba musauzule. Jellyfish, nyama yam'nyanja yofewa yokhala ndi zingwe zaululu, ikakuwawulani m'nyanja zotentha, thirani viniga kwa masekondi 30, musatikite, ndipo musathire madzi akumwa chifukwa amachititsa kuti ululu wotsala utuluke. Viniga akasowa, tsukani ndi madzi a m'nyanja. Kubanika, kutupa nkhope kapena kupweteka pachifuwa ndi nkhani yofuna dokotala msangamsanga.

## Zolakwika zomwe zimabwerezedwa

Kukana jekete chifukwa cha manyazi ndi koyamba. Ngakhale wodziwa kusambira amaona zambiri akavala, popeza mphamvu zake sizikuthera pa kuyandama.

Kuyamba ndi kamera kumatsatira. Munthu amene sanazolowere kupuma ndi chubu akagwira kamera amaiwala boti, mnzake ndi mapazi ake omwe akukwapula makorali. Isiyeni m'boti pa malo oyamba, muitenge pa achiwiri, ili ndi chingwe chapamkono choyandama.

Masiki yotchinga nkhope yonse imakopa chifukwa mumapuma ndi mphuno, koma simungatsine mphuno kuti mutsegule makutu, imavuta kuvula mwachangu, ndipo yotchipa kapena yosakwana bwino imasunga mpweya wakale. Eni maboti ena saivomereza n'komwe.

Makolo amasiya mwana ndi jekete la munthu wamkulu, lomwe limavuka lokha mwanayo akakweza manja. Jekete likhale la msinkhu wake, ndipo mwanayo akhale pomwe dzanja lanu lingamufike.

Kudyetsa nsomba buledi kumazidwalitsa n'kuziphunzitsa kuluma zala za anthu, ndipo m'malo ambiri otetezedwa n'koletsedwa, chimodzimodzi kutenga korali kapena zigoba.

Pomaliza pali mowa wa pa nkhomaliro. Maulendo ambiri amaima pa kachilumba kamchenga masana, kenako n'kukasambiranso malo ena. Amene wamwa pamenepo akhale m'boti pa malo otsatirawo, ndipo mowa udikire mpaka khadi lake litawerengedwa pakhomo la sitima.